Mkate wa Lachinayi Loyera ku Kerala ndi Mafuwa a Kwathu



Pamene tikuyandikira Sabata Loyera, ambiri a ife tatanganidwa ndi zokonzekera. A kwaya akuphunzira nyimbo, otumikira pa guwa akubwereza kayendedwe kawo, ena akuyeserera sewero la Njira ya Mtanda. Zonsezi n'zofunika. Koma sabata ino tikufuna kuti tituluke pang'ono m'tchalitchi, tilowe m'khitchini, ndipo tiyambire khitchini ya kutali, m'dziko la India. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Abale athu a kumeneko ali ndi kanthu kotiuza pa chuma chimene ife achinyamata tikuchitaya osadziwa, chomwe ndi kuphunzira kuphika kwa makolo athu iwo akadali ndi moyo.

Kummwera chakumadzulo kwa India, m'mbali mwa nyanja yamchere, kuli chigawo chotchedwa Kerala. Kumeneko kuli akhristu amene amatchedwa akhristu a Tomasi Woyera. Mwambo wawo wakale umasimba kuti mtumwi Tomasi, yemwe uja anakayika za kuuka kwa Ambuye, anafika pa gombe lawo m'chaka cha 52, ndipo anafera chikhulupiriro ku Mylapore, dera limene lero lili mumzinda wa Chennai. Ambiri mwa iwo ndi Akatolika anzathu a m'Mpingo wa Syro-Malabar ndi wa Syro-Malankara, amene ali pa umodzi ndi Papa ngakhale kuti kachitidwe kawo ka Misa kamasiyana ndi kathu.

Lachinayi Loyera iwo amalitcha Pesaha, liwu lachibale ndi liwu lathu lakuti Pasaka. Tsiku limeneli amayi amalawirira kuyeretsa khitchini ndi kutsuka ziwiya mosamala kuposa masiku onse. Kenaka amatenga ufa wa mpunga, nyemba zing'onozing'ono zakuda zotchedwa uzhunnu zoviika ndi kupera, kokonati wopala, tianyezi tating'ono, adyo, mchere ndi timbewu tonunkhira ta jeera, n'kuzisakaniza pamodzi. Mikate yawo ya mpunga ya masiku onse amaisiya kuti isase ndi kufufuma, koma mkate uwu saikamo chotupitsa, ndipo saulola kuti ugone. Amauphika msanga ndi nthunzi, potsata mkate wopanda chotupitsa wa Aisraeli usiku wotuluka ku Ejipito. Pamwamba pake amaikapo kamtanda kopangidwa ndi tsamba limene linadalitsidwa pa Lamulungu la Kanjedza. Kumeneko amagwiritsa ntchito masamba anthete a mtengo wa kokonati. Pambali amakonza chakumwa chotchedwa paal, cha mkaka wa kokonati, shuga wofiirira wa nzimbe, jinja wouma ndi ufa pang'ono wa mpunga kuti chilimbe.

Madzulo, akabwera ku tchalitchi, banja lonse limasonkhana. Amapemphera, amawerenga nkhani ya Pasaka m'buku la Eksodo, ndipo m'mabanja ambiri amayimba ndakatulo yaitali ya moyo wa Ambuye yotchedwa Puthen Pana, imene inalembedwa ndi wansembe wa chipani cha Ajezwiti wochokera ku Germany, Johann Ernst Hanxleden, amene anamwalira mu 1732. Kenaka mkulu wa pabanjapo amadula mkate uja, n'kumagawira aliyense chidutswa choviika mu paal, kuyambira wamkulu kutsirizira wamng'ono. M'nyumba zina amaudula pa 13, kukumbukira Ambuye ndi atumwi awo 12. Palibe nyenyeswa imene imatayidwa. Tinene momveka kuti mkate umenewu si Ukaristia, ndipo iwo eni amadziwa bwino zimenezi. Ndi chakudya cha banja chimene chimafikitsa kunyumba zimene zachitika pa guwa.

Mbali ya mwambowu imene yatigwira mtima ndi iyi: banja limene laferedwa m'chakacho silikonza mkatewu. Mphika wawo umakhala chete. Achibale ndi anansi ndiwo amawabweretsera chidutswa cha mkate wawo. Taganizani za mnyamata amene bambo ake anamwalira miyezi ingapo yapitayo. Chaka chatha anali bambo akewo amene anagwira mpeni ndi kumuika chidutswa m'manja. Chaka chino mpando uli wopanda munthu, ndipo kukhomo kukumveka odi wa mayi wa nyumba yoyandikana nayo, atanyamula mbale yovindikira. Mnyamata ameneyo waphunzira za imfa, za chibale ndi za Mpingo usiku umodzi, popanda womulalikira.

Ndipo pano ndi pamene pali ganizo lathu la sabata ino. Chikumbukiro cha banja sichisungidwa kwenikweni m'zithunzi kapena m'mafoni. Chimasungidwa m'manja mwa munthu wophika, ndipo chikapanda kulandiridwa ndi manja ena, chimaikidwa m'manda pamodzi ndi mwini wake.

Anthu a ku India amaidziwa bwino nkhani ya manjayi, ndipo ali ndi mawu ake. M'chinenero cha Malayalam, cha ku Kerala, muli liwu lakuti kaipunyam, ndiko kunena dalitso la dzanja: anthu awiri akhoza kuphika ndi zipangizo zofanana, koma chakudya cha mmodzi n'kukoma kuposa cha mnzake. Olankhula Hindi akasowa kwawo amati alakalaka chakudya cha m'manja mwa amayi. M'khitchini zambiri za kumeneko mupezamo kabokosi kozungulira kachitsulo kotchedwa masala dabba, kokhala ndi timakapu 7 ta zonunkhiritsa chakudya, monga chikasu, tsabola wopera, njere za mpiru ndi jeera. Mayi sayeza ndi sikelo. Amatapa ndi zala, amayang'ana ndi diso. Akafuna kukometsera nyemba zawo zoswa zimene amati dal, amatenthetsa mafuta, n'kuponyamo njere za mpiru. Zikayamba kuthetheka amawonjeza zina msangamsanga, n'kukhuthulira zonsezo mumphika zikadali chuu. Akafulumira, fungo silituluka. Akachedwa pang'ono chabe, zapserera ndipo ziwawa. Nthawi yoyenera imamvedwa ndi khutu ndi mphuno. Palibe buku limene lingakuphunzitseni zimenezi. Muyenera kuima pambali pa wodziwa, kulakwitsa, kudzudzulidwa, n'kuyesanso.

Kuti tione mmene amachilemekezera chakudya cha kunyumba, tiyeni ku Mumbai, mzinda waukulu wa malonda wa dzikolo. Kuyambira mu 1890 kumeneko kuli amuna otchedwa dabbawala, amene ntchito yawo ndi kutenga nkhomaliro yophikidwa kunyumba n'kukaipereka kwa mwini wake ku ofesi, pa njinga ndi pa sitima yapamtunda, kenaka n'kubweza mbale zopanda kanthu. Mliri wa Covid-19 usanafike mu 2020, amuna pafupifupi 5,000 ankanyamula mbale pafupifupi 200,000 tsiku lililonse. Mumzinda wodzaza ndi malo odyera, anthu ochuluka chotere ankalipira mwezi ndi mwezi kuti adye zophikidwa ndi dzanja la kwawo.

Wina angafunse kuti, nanga ife za ku India zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza kuposa mmene timaganizira. Samusa ndi chapati amene timagula pamsika anafika kuno ndi Amwenye, amene akhala pakati pathu kuyambira nthawi ya atsamunda. Ndipo nandolo amene amalimidwa m'maboma monga Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba, wambiri amakathera m'miphika ya ku India, kumene amamuswa n'kumutcha toor dal. Mu 2017 boma la India litachepetsa nandolo wolowa m'dziko lawo, mtengo wake unagwa koopsa kuno, alimi ambiri n'kulira. Mu 2021 maboma awiriwa anasainirana mgwirizano wololeza matani 50,000 a nandolo wa kuno kulowa ku India chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Choncho mwana wina wa ku Chennai akamakumbukira msuzi wa agogo ake, n'kutheka kuti akukumbukira nandolo amene anapetedwa palichero ndi agogo a mmodzi wa ife. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena a ife, amene tinakulira pakati pa mitengo ya nandoloyo, sitingathe kumuphika kuti apse bwino.

Tiyeni tidzifunse mosadzinamiza. Ndi angati a ife amene angakonze chimera, kuchiviika, kuchimeretsa ndi kuchiyanika, mpaka thobwa atafika pokoma? Ndi angati amene amadziwa zitsotso kapena makoko oyenera kuwotcha kuti acheze chidulo cha therere? Ndani angafutse masamba a nyemba kapena nkhwani nthawi ya dzinja, n'kuwamanga m'chikwatu kuti banja lidzapeze ndiwo m'chilimwe? Ndani angasinje nsinjiro zosatuluka mafuta, kapena kuphika chikondamoyo ndi makala pansi ndi pamwamba osachipsereza? Ambiri a ife takhalapo pa mwambo wa chikumbutso cha agogo, thobwa n'kugawidwa, anthu n'kumwa mwakachetechete, kenaka wina mwa azakhali n'kunena motsitsa mawu kuti si mmene ankakomera wa malemu uja. Onse anamwapo thobwa wa gogoyo kwa zaka zambiri. Palibe amene anakhala nawo pansi kuti aone mmene ankachitira. Timati mawu a akulu amakoma akagonera, koma luso la m'manja silidikira kuti ligonere. Mwini wake akapita, lapita.

Nkhaniyi ndi ya chikhulupiriro chathu ndithu. Ambuye Yesu, usiku woti aperekedwa, sanasiye chipilala chamwala kuti tiziwakumbukira nacho. Anasiya chakudya, ndi lamulo loti tizichita zimene iwo anachita. Ophunzira awiri a ku Emausi anayenda nawo mtunda wautali akumva mawu awo, koma maso awo anatseguka pamene anaona manja aja akunyema mkate. Msonkhano waukulu wa Vatican II, m'chikalata cha Lumen Gentium cha mu 1964, unafotokoza banja ngati Mpingo wa m'nyumba. Ngati banja ndi Mpingo waung'ono, malo ake osonkhanira ndi pamphasa kapena patebulo pamene timadyera. Pamenepo ndi pamene ambiri a ife tinaphunzira chizindikiro cha mtanda, kusamba m'manja motsatana ndi akulu, kusiyirako mnzathu nthuli, ndi kusadya mlendo akuyang'ana. Mwana amene sanazolowere kudikira anzake pa mbale ya nsima, adzavutika kumvetsa chifukwa chimene Paulo Woyera anadzudzulira akhristu a ku Korinto, pamene ena ankadya kukhuta anzawo ali ndi njala.

Tikudziwa kuti ena sangagwirizane nafe, ndipo zifukwa zawo n'zoyenera kuzimva.

Ena adzati dziko lasintha, sitingabwerere ku mtondo ndi munsi pamene chigayo chilipo. Tikuvomera. Sitikupempha kuti chilichonse chikhale monga chinalili kale, chifukwa ngakhale zimene timati zamakolo zinali zachilendo tsiku lina. Lero munthu sangaganize za chakudya cha ku India popanda tsabola wowawa, tomato ndi mbatata ya kachewere. Komatu zonsezi kwawo ndi ku America, ndipo zinafika ku India pambuyo pa ulendo wa Vasco da Gama, amene anakocheza pafupi ndi Calicut, ku Kerala komweko, mu 1498. Kale anthu a kumeneko ankadalira tsabola wakuda wa timibulu, amene ndi wa kwawo. Chimanga chathu chomwechi, chimene timati ndiwo moyo, chinachokeranso ku America. Makolo athu akale ankadya mapira ndi mawere. Amayi a mibadwo imeneyo analandira zachilendozo, n'kuzisandutsa zawo, chifukwa anali kale ndi luso m'manja. Wodziwa kuphika akhoza kusintha chimene akufuna. Wosadziwa alibe choti asinthe, amangogula. Phikani pa mbaula, pa gasi kapena pa magetsi, koma dziwani chimene mukuphikacho ndi amene anakuphunzitsani.

Ena, makamaka alongo athu, adzati n'kosavuta kwa anyamata kutamanda dzanja la amayi pamene iwo sanalowepo mu utsi. Apa pali choonadi chowawa. Mu 2021 ku Kerala komweko kunatuluka filimu yotchedwa The Great Indian Kitchen, yokonzedwa ndi Jeo Baby. Imaonetsa mtsikana wongokwatiwa kumene akuphika, kutsuka ndi kutola zotsala zimene amuna asiya patebulo, tsiku ndi tsiku, popanda womuthokoza, mpaka atatopa n'kuchoka. Filimuyo inautsa mkangano waukulu m'dzikomo chifukwa amayi ambiri anadziona okha mmenemo. Kodi kwathu kuno n'kosiyana? Chakudya chimene timachikumbukira ndi misozi chinaphikidwa ndi munthu amene anatola nkhuni, anatunga madzi, anatsokomola ndi utsi, ndipo kawirikawiri anadya pomalizira. Kukumbukira kukoma n'kuiwala thukuta ndi kusayamika. Koma yankho lake si kuleka kuphika. Yankho ndi kugawana ntchito. Anyamata anzathu, Mthenga Wabwino wa Yohane umasimba kuti Ambuye atauka kwa akufa, ophunzira anawapeza m'mbali mwa nyanja atasonkha moto wa makala, nsomba zili pamoto ndi mkate pambali. Ngati Mwana wa Mulungu anakonzera anzake kadzutsa, ndani wa ife amene mthiko ungamuchotsere ulemu?

Enanso adzati si banja lililonse limene lili ndi zokoma zokumbukira. Izinso n'zoona. Ku India khitchini yakhalanso malo osalirana: kwa zaka mazanamazana anthu ena sankaloledwa kukhudza mphika kapena kudyera pamodzi ndi anzawo chifukwa cha gulu limene anabadwiramo. Malamulo aakulu a dzikolo a mu 1950 analetsa tsankho limeneli, ngakhale kuti mitima imachedwa kusintha kuposa malamulo. Kwathu kuno, agogo ena akamakamba za chakudya amakamba za njala ya 1949, ndipo makolo athu ambiri sanaiwale ya 2002, pamene anthu anadya madeya ndi zitsa za nthochi. Ena a ife tinakulira m'nyumba za eni, kumene mbale yathu inali yapadera ndi yaing'ono. Zikumbukiro zotere nazonso ziyenera kusimbidwa, chifukwa ndizo zimatiletsa kutaya mkute ndi kutseka chitseko nthawi ya chakudya. Akhristu a ku Kerala ali ndi yankho lawo pa zimenezi. Mbiri ya Kuriakose Elias Chavara, wansembe wa kumeneko amene anamwalira mu 1871 ndipo Papa Francis anamuika m'gulu la oyera mu 2014, imasimba kuti analimbikitsa mwambo wotchedwa pidiyari: mayi asanathire mpunga mumphika, amatapako dzanja limodzi n'kuika padera, kuti uthandize osauka. Dzanja lomwelo lodziwa kuyeza mchere limadziwanso kupatula gawo la wanjala. Kupatsa n'kuika.

Tsono tichite chiyani? Sitikunena kuti tiyambe kuphika mkate wa ku Kerala pa Lachinayi Loyera. Umenewo ndi mwambo wawo, ndipo nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Tili ndi zathu. Chimene tikupempha n'chaching'ono, ndipo aliyense angachikwanitse Pasaka isanafike.

Choyamba, aliyense wa ife, mnyamata kapena mtsikana, asankhe chakudya chimodzi chimene pabanja pawo pali munthu mmodzi yekha wochidziwa bwino. Apite kwa munthuyo, kaya ndi amayi, agogo, azakhali kapena amalume odziwa kuwamba nsomba, akagwade n'kunena kuti, "Agogo, ndabwera kuti mundiphunzitse." Foni ikhale m'thumba. Mthiko ugwidwe ndi wophunzirayo, mphunzitsi azingoyang'anira. Ndipo pophikapo afunse: munaphunzira kwa yani? Munali kuti? Mudzadabwa ndi maina a makolo amene adzatulukire mu utsimo, maina amene simunawamvepo, amene mungathe kuwapempherera pa Misa.

Chachiwiri, Lachinayi Loyera tikabwera ku Misa ya Mgonero wa Ambuye, banja lidyere pamodzi, wailesi ndi kanema zili zotseka. Ndiwo zikhale zilizonse zimene Mulungu wapereka. Mkulu wa pakhomo atsogolere pemphero, atchule maina a amene anatisiya, ndipo wophika athokozedwe pamaso pa onse.

Chachitatu, m'miphakati yathu tiyang'ane nyumba zimene zaferedwa chaka chino. Nthawi ya maliro tinapitako ndi ufa ndi nkhuni, ndipo tinachita bwino. Koma patapita miyezi, anthu atabalalika, ndi pa chikondwerero pamene mpando wopanda munthu umaonekera kwambiri. Achinyamata tinyamule mbale yovindikira, ya chakudya chimene taphika tokha, tikagogode pa makomo amenewo tsiku la Pasaka.

Agogo athu sadzakhala nafe mpaka kale. Ena maso ayamba kale kuchita chidima, manja akunjenjemera, koma akadali okhoza kulawa ndi kutiuza kuti mchere wachepa. Mwayi umenewu ndi wa chaka chino.

Ambuye Yesu, amene munadziwika ponyema mkate, dalitsani manja onse amene anatidyetsa, a amoyo ndi a amene anagona. Tipatseni kudzichepetsa kuti tiphunzire kwa iwo, ndi mtima wogawana ndi anzathu. Tomasi Woyera mtumwi, mutipempherere. Amen.

Tikufunirani nonse Sabata Loyera lodala.